Makina Anga Salira Choncho

Woyamba kudziwa kuti zinthu zasokonekera anali galu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi galu ameneyu ankagona pakhomo la situdiyo ya Nyundo, mabiti akugunda mpaka malata kunjenjemera, iye osagwedeza ngakhale khutu. Koma chaka chimenechi, Nyundo akangoyatsa masipika, galu ankadzuka, kudziwongola, n'kuyenda mwaulemu wake kukagona kuseri kwa thanki ya madzi. Nyundo ankati galuyo wakalamba, wayamba matama. Munthu akafuna kusaona chinthu, zifukwa sizimusowa.

Dzina la Nyundo analipeza pa siteji zaka makumi awiri zapitazo, nthawi imene makolo ankaiona rapu ngati matenda ogwira ana osamva. Ankalavula mawu ngati akukhoma misomali, ndipo anyamata a m'makwalala analoweza mavesi ake kuposa za kusukulu. Anatulutsa zimbale zinayi. Kenaka mawondo ndi mpweya zinayamba kumukana, pakuti kudumphadumpha pa siteji ola lathunthu si ntchito ya munthu amene wayamba kamimba. Anamanga kachipinda kuseri kwa nyumba yake, anamata makoma ndi siponji, nakhala pampando kuyamba kupanga mabiti ndi kujambula anzake. Apa m'pamene anatchukira kachiwiri. Oimba ankachokera kutali, kudikira pabenchi panja ngati kuchipatala, chifukwa aliyense ankati Nyundo ali ndi khutu. Ankatha kuimitsa nyimbo pakati n'kuuza woimba kuti avule wotchi, ikumveka.

Biti ya Nyundo unkaidziwa woimba asanatsegule pakamwa. Pamwamba pa kugunda kolemera kuja pankathamanga kaphokoso kakang'ono, kopyapyala, ka tiki-tiki-tiki, kamene kankapangitsa mutu kugwedera wokha. Opanga mabiti anzake anakasakasaka m'makompyuta mwawo osakapeza. Akamufunsa kumene anakatenga, ankangoseka n'kunena kuti sing'anga saonetsa pamene amakumba mizu.

Mizuyo inali m'chipinda chakumaso kwa nyumba yomweyo. Mkazi wa Nyundo anali telala. Kale, akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi, bedi uku, makina osokera uko, kompyuta yobwereka pakati, Nyundo anatopa ndi kudikira kuti mkazi wake amalize diresi la eni ake kuti iye ajambule mawu. Mwaukali analozetsa maikolofoni ku makinawo, kuti mayiyo adzimvere yekha mmene akusokonezera ntchito ya mwamuna wake. Atamvetsera zomwe anajambulazo, ukali unathera pomwepo. Anadula kachidutswa, anakaika pamwamba pa biti, ndipo nyimbo imeneyo ndi yomwe inawatulutsa m'chipinda cha lendi. Kuyambira tsiku limenelo makina a mayiyo analira m'nyimbo iliyonse yotuluka m'manja mwa Nyundo, koma dzina la mwini makina silinalembedwepo pachikuto cha chimbale ngakhale chimodzi. Kuwonjezera apo, m'situdiyo sankaloledwa kulowa.

"Muno ndi mwa makutu, mayi," Nyundo ankatero moseka. "Ntchito yanu ndi ya maso."

Mayiyo ankasiya tiyi pazenera n'kubwerera ku nsalu zake. Anali munthu wosataya mawu, wozolowera kukhala ndi mapini pakamwa.

Chaka chimenechi benchi ya panja inayamba kumera ndere. Oimba ankabwera kamodzi, kutenga nyimbo yawo, kuthokoza ndi manja awiri, osabweranso. Nyundo ankati ndi ana a masiku ano, ofuna zophweka. Anatsala mmodzi yekha, mtsikana wina amene masana ankathira mafuta m'magalimoto pa filing'i siteshoni, akaweruka n'kudzarapa. Ankamutcha Mavu, chifukwa anali wochepa thupi koma mawu ake akakutera unkatupa. Anakula akumvera zimbale za Nyundo zomwe ankabera mchimwene wake, ndipo anzake atamuuza kuti apite kwa anyamata atsopano a makompyuta onyezimira, iye anakana kwamtuwagalu. Chimbale chake choyamba, cha nyimbo khumi, anachiika m'manja mwa Nyundo. Nyundo ankadziwa bwino lomwe, ngakhale sankanena, kuti chimbale chimenechi chikayenda benchi idzadzanso, ndipo Mavu akachoka ndiye kuti situdiyo yasanduka mosungira njinga.

Nyimbo yoyamba itatha, anainyamula yekha kupita nayo ku wailesi, kwa mnzake wakale amene aliyense ankangomutcha Dijeyi. Awiriwa anagonapo pamabenchi a m'madepoti limodzi, masiku amene ankaimba m'maholo opanda anthu. Dijeyi anavala mahedifoni, anatseka maso, ndipo pasanathe theka la mphindi anawavula n'kuyamba kutikita makutu.

"Aise, ndinakulakwira chiyani?"

"Yavuta pati? Mtsikanayu ndi moto."

"Mtsikanayu ndi moto, sindikukana. Koma tiki-tiki wakoyu, iwe! Ngati munthu akukulowetsa singano m'khutu. Ndikaiika pa wailesi imeneyi, madalaivala a minibasi adzanditsata kunyumba."

"Mahedifoni akowa ndi a pamsika," anatero Nyundo. "Kapena wina wakudyetsa kuti undigwetse? Nena, tithane."

Dijeyi anadzuka ngati akukatenga madzi, anaima kumanzere kwa Nyundo kanthawi ndithu, kenaka anazungulira mpando n'kudzaima kumanja.

"Ndakufunsa kawiri kuti alamu ali bwanji kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Sunatembenuke n'komwe. Iyi ndi nyimbo yachinayi yochokera kwa iwe yomwe ndaibweza chaka chino. Zinazo ndinkawauza eni ake kuti pulogalamu yadzaza, pokusungira ulemu. Pita ukapimitse makutu, mnzanga."

Nyundo anatuluka osatsanzika, ndipo chitseko anachimenyetsa kuti Dijeyi adziwe kuti ubwenzi wathera pamenepo. Koma mawu a mnzako amene sanakunamizepo amakutsata ngati fungo la utsi. Patapita masiku atatu anauza mkazi wake kuti akukagula zingwe za masipika, nakwera basi ya kuchipatala.

Anamuika m'kachipinda kochepa komatidwa siponji, kokhala ndi kazenera ka galasi. Zinamupweteka kwambiri zimenezi, chifukwa kachipindako kanali kofanana ndi kake komwe, kungoti zaka zonsezi iye ndiye ankakhala kunja kwa galasi, wina m'kati akutuluka thukuta. Dokotala, mayi wa magalasi amene mwina anavinako nyimbo zake ali ku sekondale, anamupatsa kabatani kuti azidina akamva kulira. Poyamba ankadina monyada. Kenaka kulirako kunayamba kupyapyala, kenaka kunasiya. Anakhala chete, chala chili pabatani, akudikira. Atakweza maso anaona dokotala akulemba, ndipo anazindikira kuti makina akulirabe, wasiya ndi iyeyo.

Dokotala anamuonetsa pepala la mizere iwiri. Yonse inkayamba pamwamba n'kutsetsereka, wa kumanzere kugweratu pansi.

"Khutu la kumanzere latsala pang'ono chabe," anatero. "La kumanja likumva bwino mawu aakulu, ogunda. Koma mawu ang'onoang'ono, opyapyala, monga kulira kwa mbalame kapena makiyi m'thumba, amenewo anapita. Mumagwira ntchito m'fakitale, bambo?"

"Ndimapanga nyimbo."

"Zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi kuwonjezera. Mankhwala ake ndi otani?"

Dokotala anavula magalasi. Anati tilipo timakina tovala m'khutu tothandiza pocheza ndi anthu, ndipo chimene chatsalacho chingatetezedwe akachepetsa phokoso. Koma chimene chapita sichibwerera.

Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Nyundo anakhala pabenchi ya pachipatala, pepala lili m'manja, ndipo zonse zinamuonekera poyera. Tiki-tiki sanasinthe. Iyeyo ndiye ankamukweza, mwezi ndi mwezi, pang'onopang'ono, kumuthamangitsa pamene ankamuthawa m'makutu, mpaka kaphokoso kamene kanamumangira nyumba kanasanduka singano. Anakumbukira oimba aja othokoza ndi manja awiri. Onse anamva, ndipo onse anamuchitira chisoni. Manyazi amene anamugwira anaposa mantha. Anapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa m'thumba la m'kati la jekete.

Pofika kunyumba anaima pabwalo. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti makasitomala a mkazi wake achepa, chifukwa chipinda chakumaso chinali zii, ndipo ankaopa kufunsa kuti angamukhumudwitse. Tsiku limenelo anasuzumira pazenera. Mayiyo anali atawerama, mapazi akupalasa, gudumu likuzungulira, nsalu yobiriwira ikutsetsereka kugwera m'dengu, ndipo pambali pake panali mulu wa mayunifomu ofika m'chiuno. Makina ankathamanga ngati kale lonse. Nyundo anayang'ana singano ikukwera ndi kutsika popanda phokoso lililonse, mpaka maso anayamba kumuwawa.

"Zingwe zija mwazipeza?" anafunsa mayiyo atamuona.

"Zatha m'mashopu monse," anatero Nyundo.

Mavu anabwera Lachiwiri, atavala yunifomu ya kuntchito, akununkha petulo. Sanakhale pansi.

"Akulu, a Dijeyi akuti nyimbo ija siiseweredwa."

"Nsanje, mwana wanga. Munthu ameneyo ndimamudziwa kuyambira kale."

"Ndaimvera pafoni. Ndaimvera m'galimoto ya abwana anga. Ndawaikira mayi anga kunyumba, iwo amene amanyadira ngakhale ndikatsokomola, anati ndizimitse mutu ukuwawa. Onsewo ndi nsanje?" Anamuyang'ana m'maso. "Ine ndinakana anthu chifukwa cha inu, akulu. Nyimbo zimenezi ndazilemba zaka zitatu, kuseri kwa malisiti a mafuta. Chavuta n'chiyani? Ndiuzeni, mwina n'kuthandizana."

Pamenepa m'pamene munthu wanzeru akanatulutsa pepala. Koma Nyundo anali atakhala zaka zambiri akuimba pa siteji kuti iye sagwa, saopa, sapempha, ndipo vuto la mavesi otere ndi lakuti woyamba kuwakhulupirira ndi mwini wake.

"Sipika imodzi ikundinamiza," anatero. "Ndipatse mpaka Lachisanu."

"Lachisanu ndibwera ndi fulashi yokoperamo nyimbo. Ikakhala chimodzimodzi, mundipatse mawu anga onse amene munajambula ndikayese kwina. Musandide."

Masiku atatu amenewo Nyundo anayesa kumva ndi maso. Pa kompyuta phokoso lililonse lili ndi kamzere kake kovinavina, ndipo iye anayang'anitsitsa ka tiki-tiki mpaka misozi. Anakatsitsa kufika pamene ankaganiza kuti m'pamene kankakhala kale. Akaiseweretsa, kwa iye nyimbo inkamveka yakufa, ngati munthu woyenda opanda mthunzi, ndipo dzanja linkapita lokha kukakweza. Akakweza, ankakumbukira Dijeyi akutikita makutu, n'kutsitsanso. Manambala sankamuthandiza, chifukwa nyimbo iliyonse ili ndi muyezo wake, ndipo muyezowo kale ankaupeza osaganiza n'komwe. Pofika Lachinayi anali ndi nyimbo imodzi m'mitundu khumi ndi umodzi, osadziwa yabwino ndi iti.

Anafika mpaka poyesa galu. Anatenga fupa kukhitchini, anamunyengerera mpaka pakhomo la situdiyo, poganiza kuti mtundu umene galu asathawe ndi womwewo. Galu anatenga fupalo, anayang'ana dzanja la Nyundo likupita ku batani, ndipo nyimbo isanayambe n'komwe anali atafika kale kuseri kwa thanki. Phokosolo linali litamuluma kokwanira. Nyundo anaseka yekha, ndipo kusekako kunathera pena pake posakhala bwino. Madzulo ake batani la jekete linathothoka, nasiya jeketelo pamulu wa zosoka osaganiza kanthu.

Lachisanu kunatentha kwambiri, moti chitseko cha situdiyo anachisiya chotsegula. Mavu anafika dzuwa litapendeka, anakhala pasofa ya oimba, manja atapinda. Nyundo anamuikira mtundu wachisanu ndi chiwiri. Mtsikanayo anatsinzina ngati wamva choko chikukwecha pabolodi. Anamuikira wachitatu.

"Umu mulibemo kalikonse," anatero Mavu. "Yagona."

Anamuikira wachisanu ndi chinayi, kenaka woyamba. Ankayang'ana nkhope ya mtsikanayo m'malo momvetsera, ndipo mtsikanayo anaona zimenezo, ngakhale sanamvetse tanthauzo lake. Pomaliza anapisa m'thumba la yunifomu n'kutulutsa fulashi yofiira. Anaipereka kwa Nyundo.

Nyundo anailowetsa m'kompyuta n'kuyamba kukoperamo mawu onse a mtsikanayo. Kamzere kanayamba kukwawa pa sikirini, kakuti zitenga mphindi makumi anayi. Mphindi makumi anayi n'zambiri kwa anthu awiri amene alibe choti auzane. Pofuna kutseka chetecho Nyundo anaseweretsa mtundu womaliza, wa khumi ndi chimodzi, umene anaupanga atatopa n'kunena kuti zikhale mmene zingakhalire, umene iye mwini ankamvamo tiki-tiki patalipatali.

Mkazi wake anali akubwera ndi tiyi. Anafika pazenera, anaika makapu pamalo pake pa masiku onse, koma sanabwerere. Anaima kanthawi, tepi yoyezera ili m'khosi. Kenaka anazungulira, anadutsa pakhomo limene sanalidutsepo kwa zaka khumi ndi ziwiri, anafika patebulo n'kudina batani lalikulu loimitsira ngati munthu amene wakhala akuliona pazenera nthawi yonseyi. Anazula thonje m'khutu la kumanja, anazula lina m'khutu la kumanzere, naika timipira tiwirito patebulo, pakati pa mabatani.

"Makina anga salira choncho," anatero.

"Mayi, tili pa ntchito."

"Ndamva kuti muli pa ntchito. Mzere wonse uno wamva. Ndati makina anga salira choncho, bambo a mwana. Ndimawathira mafuta Lolemba lililonse. Mukuwachititsa manyazi."

"Makina ati?" anafunsa Mavu.

"Sanakuuze? Tiki-tiki amene mumamugwadirayu ndi makina anga osokera, mwanawe. Ndinkasoka diresi la pinki la mkazi wa sajeni wina, lokhala ndi mapindo atatu. Bambowa anajambula pofuna kundinyoza."

Mavu anayang'ana Nyundo kukamwa kuli yasa. Nyundo anayang'ana thonje. Linali lakuda m'mbali, lopindika bwino, looneka kuti silinayambe lero.

"Chaka chathunthu ndikusoka ndi thonje m'makutu," anapitiriza mayiyo. Mawu ake sanakwere. "Poyamba ndinkati mwina ndi fashoni ya ana atsopano. Kenaka ndinaona kuti ketulo ikulira inu muli pomwepo osadzuka. Patebulo ndinasintha mpando, ndinabwera kumanja kwanu. Panjira ndimayenda kumanja kwanu. Ku tchalitchi ndimakhala kumanja kwanu. Munaona? Simunaone. Ndinkati mwamuna wanga ndi wamkulu, tsiku lina adzandiuza yekha. Dzulo mwandisiyira jekete kuti ndisokerere batani. Telala sasoka chovala asanapise m'matumba, bambo a mwana. Zimenezo mukuzidziwa."

Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi m'thumba la epuloni n'kuliika pambali pa thonje. Sanalitambasule, ndipo sanalipereke kwa Mavu. Analisiya pamenepo kuti mwini wake aone chochita nalo.

Nyundo analiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kulibweza m'thumba, ndipo mtima wake woyamba unali womwewo. Koma anali atatopa, kutopa kwa munthu amene wasenza katundu amene aliyense akumuona koma iye akuti sanasenze kanthu. Analitambasula yekha n'kulipereka kwa mtsikanayo.

"Sipika sinalakwe," anatero. "Dijeyi sanalakwe. Makutu anga anatha, mwana wanga. Kugunda ndikumva, mawu ako ndikumva. Koma zonse zopyapyala zinapita, ndipo sizibwerera. Ndadziwa sabata yatha. Ndimayenera kukuuza Lachiwiri."

"Mumayenera," anatero Mavu. Maso ake anali atafiira. "Ine masiku onsewa ndimaganiza kuti mwina mukuchitira dala, kuti mwaona kuti sindili kanthu ndiye mukufuna ndichoke ndekha. Mukudziwa mmene zimapwetekera zimenezo?"

"Ndinkaopa."

Mawu amenewa sanawanenepo m'vesi iliyonse ya zimbale zake zinayi, ndipo anatuluka movuta ngati msomali wadzimbiri. Kamzere ka pa sikirini kanali katadutsa theka.

"Vesi yachiwiri ija munandibwerezetsa kakhumi ndi kasanu," anatero Mavu pomaliza, akupukuta mphuno. "Munati ndikuthamangira mawu ngati ndaba. Munali olondola. Zimenezo munazimva bwanji?"

"Zimenezo sizifuna khutu lopyapyala."

"Ndiye chatsala ndi makina okhawo."

Onse awiri anatembenukira kwa mayiyo. Iye anali atayamba kale kutolera thonje lake.

M'situdiyo muli mpando umodzi umene uli pakatikati pa masipika awiri, pamene nyimbo imamveka zoona zake. Pampando umenewo sipanakhalepo munthu wina, ngakhale oimba otchuka amene ankabwera ndi magalimoto akuda. Nyundo anadzuka. Anaupukuta ndi dzanja, ngakhale panalibe fumbi, n'kuutembenuzira kwa mkazi wake.

"Mayi," anatero, "ndibwerekeni makutu."

"Ntchito yanga si ya maso?"

"Ndinalakwa."

"Munalakwa zaka khumi ndi ziwiri," anatero mayiyo, koma anakhala. Mpando unali wautali, mapazi ake sankafika pansi, ndipo Mavu anathamanga kukatenga bokosi la zingwe n'kumuikira. Mayiyo anavula tepi m'khosi, anaipinda pamiyendo, natseka maso.

Nyundo anagwada pambali, kumanja kwake kuli kwa mkazi wake, chala chili pa kabatani kotsetsereka ka tiki-tiki. Anayambitsa nyimbo.

"Tsitsani," anatero mayiyo nthawi yomweyo.

Anatsitsa.

"Tsitsanibe."

Kaphokoso kaja kanayamba kuzimirira. Kanali ngati munthu amene akukubayibitsa ali pa basi, kuchepa, kuchepa, mpaka Nyundo sanadziwenso ngati akukamva kapena akungokakumbukira. Kenaka kanapita. Kunatsala kugunda ndi mawu a Mavu, ndipo pamwamba pake panali mbee. Chala chake chinaima chokha.

"Mwaimiranji? Ndati tsitsani."

"Kwatha, mayi. Kulibe kanthu."

"Kwa inu. Tsitsani."

Palibe chinthu chimene Nyundo anachitapo pa moyo wake chovuta kuposa chimenechi. Anaimapo pamaso pa anthu zikwi khumi magetsi atazima, anaimbapo mabotolo akuuluka. Koma apa ankayenda mumdima, atagwira dzanja la munthu amene anamuletsa kulowa pakhomo. Thupi lonse linkamuuza kuti akupha nyimbo. Anatsitsa.

"Eya. Mwapitirira pang'ono. Bwererani." Mapazi a mayiyo anali atayamba kupalasa pabokosi paja, chidendene ndi zala, chidendene ndi zala. "Ayi, mwachulutsa. Ngati mpendero wa kolala, osati wa siketi. Pang'ononso. Komanso akulira mouma, ngati sanadye mafuta. Mulibe kochotsera kuumako?"

Kanalipo. Nyundo anatambasula dzanja lina n'kupotokola kabatani kena, maso ali pankhope ya mkazi wake, ndipo anaona makwinya a pamphumi pake akumasuka limodzilimodzi.

"Pamenepo," anatero mayiyo. "Musakhudzenso. Amenewo ndiwo makina anga."

Nyundo sanamve kusiyana kulikonse. Anatembenuka kuyang'ana Mavu. Mtsikanayo anali ataimirira, maso otseka, mutu ukugwedera wokha, milomo ikutsatira mavesi ake, ndipo misozi inkatsika iye osaipukuta. Nyimbo inatha. Mavu anaiyambitsanso yekha, osapempha. Ili pakati, mthunzi unagwa pakhomo. Galu anaima pamenepo, khutu limodzi m'mwamba, kununkhiza mpweya mosakhulupirira. Anazungulira kawiri n'kugona pamalo pake akale.

Mavu anawerama n'kuzula fulashi yake kamzere kasanafike kumapeto. Kompyuta inadandaula, koma palibe anaisamala.

"Zatsala nyimbo zisanu ndi zinayi," anatero.

"Ine ndili ndi mayunifomu makumi atatu ofunika Lolemba," anatero mayiyo akutsika pampando. "M'mawa sindipezeka. Muzindiitana ikakwana folo. Ndipo pachikuto pamenepo, pamene mumalemba mayina a anzanu onse mpaka wokubweretserani madzi, dzina langa lilembedwe. Lonse, osati chidule."

"Ndilemba ndekha, mayi," anatero Mavu.

Tiyi anali atazizira pazenera. Mavu anamwa wake choncho, anatsanzika, napita akuimba chamumtima. Nyundo anasunga nyimbo ija, n'kuipatsa dzina loti yomaliza. Anaiseweretsanso kamodzi ali yekha, atakhala pampando wake, akudziwa kuti ndi nyimbo yabwino kuposa zonse zimene anapanga m'zaka zisanu, ndiponso kuti iye sadzaimva yonse mpaka kalekale. Anazimitsa masipika.

Dzuwa linali lisanalowe. Anadutsa pabwalo, nakaima pakhomo la chipinda chakumaso, chimene nayenso, kunena zoona, sankalowamo kawirikawiri. Mkazi wake anali atabwerera kale ku mayunifomu, mapini ali pakamwa. Anamuyang'ana, anasuntha dengu ndi phazi kuti apeze pokhala. Nyundo anakoka kampando, anakhala, n'kuika chikhatho chake pathabwa la makina, pafupi ndi pamene nsalu imatulukira. Mayiyo anapalasa. Thabwa linayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kunakwera m'zala, m'mkono, mpaka paphewa, kothamanga, kosaphonya, tiki-tiki-tiki.

"Sunthani chala, ndingakusokereni ku kabudula wa eni ake," anatero mayiyo mapini ali pakamwa.

Anasuntha chala, koma dzanja sanachotse.